Dorothy Macardle wa ku Ireland: wolemba mbiri kapena mneneri wa de Valera?

Nachisale
Moni nonse a m'gulu. Mwezi uno ndi gawo langa losankha mlembi woti tikambirane, ndipo ndasankha mayi wa ku Ireland, Dorothy Macardle, amene anabadwa mu 1889 m'tawuni ya Dundalk n'kumwalira mu Disembala 1958. Anagwira ntchito zambiri: uphunzitsi, kulemba zisudzo, utolankhani, mabuku a nkhani za mizukwa, komanso chibuku cha mbiri chotchedwa The Irish Republic, chomwe chinatuluka mu 1937 ndi masamba pafupifupi 1,000. Chimafotokoza momwe anthu a ku Ireland analimbanirana ndi Angelezi kuyambira 1916, kenako n'kutembenukirana okhaokha.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kwa zaka zambiri mayiyu wakhala akutchulidwa ngati munthu amene ankangolemba zomwe Éamon de Valera, mtsogoleri wa dzikolo, ankafuna kuti zilembedwe. Ine ndikuti anthu anamulakwira. Anali pafupi ndi de Valera, n'zoona, koma pa nkhani zikuluzikulu anamutsutsa osaopa, mpaka kutula pansi udindo m'chipani. Ndikufuna ndimve maganizo anu, makamaka inu aphunzitsi a Mbewe, paja mbiri mwaiphunzitsa zaka zambiri.

Chikondi wa Zisudzo
Achemwali, tisanafike pa mkanganowo, tiuzeni kaye kuti anali mwana wa yani. Mayi wolemba zisudzo anapezeka bwanji m'ndale za mfuti?

Nachisale
Achimwene, chodabwitsa chake chagona pomwepo. Sanali mwana wa amphawi ayi. Bambo ake, Thomas Macardle, anali Mkatolika wolemera, mwini kampani yofulula mowa ku Dundalk, ndipo mfumu ya ku Britain inawapatsa ulemu wa Sir. Mayi ake anali a m'banja lokonda ufumu wa Britain ndi mtima wonse. Mlongo wake Kenneth anafera ku nkhondo ya Somme mu 1916 atavala yunifomu ya asilikali a Britain, chaka chomwecho chimene anthu anaukira Angelezi mu mzinda wa Dublin pa nyengo ya Pasaka.

Iye anaphunzira pa Alexandra College, sukulu ya atsikana ku Dublin, kenako pa University College Dublin. Ankakonda Shakespeare kwabasi, moti anakakhalako ku Stratford-upon-Avon, kwawo kwa Shakespeare. Atabwerera ku Dublin mu 1917 anayamba kuphunzitsa Chingelezi pa sukulu yake yakale ija, n'kumakhala m'nyumba ya Maud Gonne ku St Stephen's Green. Gonne anali mayi wotchuka pa nkhani yomenyera ufulu, ndipo m'nyumba mwake simunkatha alendo: andale, olemba ndakatulo, azimayi amene amuna awo anali m'ndende. Mtsikana wa m'banja la Sir uja anasinthira m'menemo.

Aphunzitsi Mbewe
Zikomo mayi Nachisale potiitanira ku nkhani imeneyi. Ndiyambe ndi kuyala maziko, chifukwa wina sangamvetse mayiyu asanamvetse pangano la 1921.

Nkhondo yolimbana ndi Angelezi inayamba mu 1919 n'kuimitsidwa mu Julayi 1921. Pa 6 Disembala 1921 nthumwi za Ireland, zotsogozedwa ndi Arthur Griffith ndi Michael Collins, zinasaina pangano ku London. Panganolo linati maboma 26 akhale dziko lodzilamulira lotchedwa Irish Free State, koma likhalebe pansi pa ufumu wa Britain, ndipo aphungu azilumbira kukhala okhulupirika kwa mfumu. Maboma 6 a kumpoto anatsalira m'manja mwa Britain. De Valera, amene sanapite nawo ku London, anakana panganolo. Nyumba ya malamulo, Dáil, inavota pa 7 Januwale 1922: aphungu 64 anavomera, 57 anakana. Pofika kumapeto kwa Juni, asilikali a boma latsopano anali akuwombera nyumba ya Four Courts ndi mizinga yobwereka kwa Angelezi, m'katimo muli anzawo amene anamenya nawo nkhondo limodzi. Collins anaphedwa pa 22 Ogasiti chaka chomwecho. Nkhondo yapachiweniweniyo inatha mu Meyi 1923.

Macardle anali wa mbali yokana pangano, ndipo anakhalabe komweko mpaka imfa. Tsono maganizo anga ndi awa. Munthu amene anamangidwa ndi mbali ina, amene mnzake anaphedwa ndi mbali inayo, amene buku lake mawu oyamba anamulembera ndi de Valera mwiniwake, sindingamuike m'gulu la olemba mbiri osakondera. Ndimamulemekeza, koma buku lake sindingapatse mwana wa sukulu lokhalokha.

Mayi Nangondo ku Drogheda
Moni abale kumudziko. Nkhani yandifika pakhomo imeneyi, chifukwa Dundalk ndi Drogheda zili m'boma limodzi la Louth, ndipo mayiyu anamwalirira m'tawuni momwe ndikukhalamu.

Ndende ya Kilmainham ku Dublin, komwe anamutsekerako, panopa ndi malo osungirako mbiri, anthu amalowa ndi tikiti. Mbali yakale ya ndendeyo ndi yamdima, makoma amiyala ozizira moti ukagwira dzanja limachita dzanzi, ngakhale m'chilimwe. Zitseko ndi zamatabwa ochindikala, chilichonse chili ndi kabowo koti mlonda azisuzumirapo. Pa chitseko china ukaika diso pakabowo umaona chithunzi cha Maria atanyamula mwana, chojambulidwa pakhoma. Anajambula ndi Grace Gifford, mayi amene anamanga ukwati ndi Joseph Plunkett m'tchalitchi cha m'ndende momwemo mu Meyi 1916, kutatsala maola ochepa kuti mwamunayo awomberedwe. Mu 1923 mayi yemweyo anabwereranso m'ndendemo ngati mkaidi, ulendo uno womangidwa ndi boma la anthu akwawo. Kunja kuli bwalo la makoma ataliatali lopanda zenera, pansi pali timitanda tiwiri posonyeza pomwe atsogoleri a 1916 anawomberedwera.

Aphunzitsi, munthu amene anagona m'malo amenewo, atatsekeredwa ndi anthu olankhula ngati iye, opemphera ngati iye, ine sindimudabwa kuti cholembera chake chinapendekera mbali imodzi.

Tadala
Amayi, zimenezi zandigwira mtima. Koma mlandu wake unali wotani? Anagwirako mfuti?

Nachisale
Mfuti yake inali cholembera, Tadala. Ankalemba nkhani zofalitsa maganizo a mbali yokana pangano, pamodzi ndi Erskine Childers, amene ankamulemekeza ngati mphunzitsi wake. Anamangidwa mu Novembala 1922 popanda kuzengedwa mlandu, n'kuyamba kusungidwa ku Mountjoy, kenako Kilmainham, kenako North Dublin Union, mpaka anatulutsidwa mu Meyi 1923. Ali m'ndende choncho, pa 24 Novembala, boma linawombera Childers pa mlandu wopezeka ndi kamfuti kakang'ono. Kamfutiko anamupatsa ndi Michael Collins m'masiku omwe anali ogwirizana. Asanaphedwe, Childers anauza mwana wake wamwamuna kuti adzagwirane chanza ndi aliyense amene anasaina chikalata cha imfa yake. Mwanayo anadzakhala pulezidenti wa Ireland mu 1973.

Macardle anataya zambiri m'miyezi imeneyo. Ntchito ya uphunzitsi inatha. Asilikali analowa m'nyumba ya Gonne n'kuwotcha zolemba za Macardle. Koma m'ndendemo sanakhale manja lende. Ankaphunzitsa akaidi anzake mbiri ya dziko lawo, ndipo analemba nkhani zisanu ndi zinayi za mizukwa zomwe zinatuluka mu 1924 m'buku la Earth-Bound. M'nkhanizo akufa sachoka. Amabwerera kudzachenjeza amoyo, kudzawapulumutsa, kudzawakumbutsa ngongole. Poganizira kuti ankalemba zimenezi uku akumva za anzake akuwomberedwa m'bandakucha, ine sindiziwerenga ngati nkhani zoopsezera ana ayi.

Aphunzitsi Mbewe
Chaka chomwecho cha 1924 anatulutsanso kabuku ka Tragedies of Kerry, ndipo apa ndiyenera kumupatsa ulemu wake wonse. Pa 7 Malichi 1923, ku Ballyseedy pafupi ndi Tralee, asilikali a boma anatenga akaidi 9, kuwamangirira pa bomba lokwirira n'kuliphulitsa. Anthu 8 anafa. Mmodzi, Stephen Fuller, bombalo linamuponyera kutali, n'kuthawa ali ndi mabala. Asilikaliwo sanadziwe kuti wina wapulumuka, moti anatumiza mabokosi a maliro 9. Boma linalengeza kuti akaidiwo anafa mwangozi pochotsa mabomba pamsewu. Macardle anapita ku Kerry, kukhala pansi ndi achibale komanso mboni, n'kulemba zomwe zinachitikadi, pa nthawi imene kulemba zimenezo kukanatha kumubwezera m'ndende. Lero palibe wolemba mbiri amene amakhulupirira bodza la boma lija.

Komabe tamverani. Dzulo lake, pa 6 Malichi, asilikali 5 a boma anafa ku Knocknagoshel atanyengedwa kuti apite pomwe panatcheredwa bomba. Nawonso anali ana a anthu, nawonso anali ndi amayi awo. Kabuku ka Macardle ndi kolira maliro a mbali yake. Sindikuti imfa zisanu zikulungamitsa kumangirira anthu pa bomba, m'pang'ono pomwe. Ndikuti wolemba mbiri amayenera kulowa m'nyumba zonse ziwiri za maliro.

Nachisale
Aphunzitsi, mwalankhula zolemera ndipo sindikutsutsa za Knocknagoshel. Koma tiyeni tione amene anayamba kulemba. Mu 1924 P. S. O'Hegarty anatulutsa The Victory of Sinn Féin, buku la mbali yovomera pangano, lomwe linanyoza de Valera koopsa, n'kunenanso kuti azimayi a mbali yokana ndiwo anakolezera moto wa nkhondo. Mu 1926 Piaras Béaslaí anatulutsa mbiri ya Collins m'mabuku awiri. Boma linali lawo, nyuzipepala zikuluzikulu zinali kumbali yawo, mabishopu anali atadzudzula kale omenya nkhondo a mbali yokana m'kalata yawo ya Okutobala 1922. Ogonjawo analibe polankhulira.

Pabwalo la mfumu, mboni ya wodandaula ikalankhula sitiiuza kuti ilankhulirenso wodandaulidwa. Timangofuna kuti isaname. Macardle anali mboni, ndipo sanabise kuti waima mbali iti. Anatha zaka pafupifupi khumi akusonkhanitsa makalata, zikalata za misonkhano, zokamba za m'nyumba ya malamulo, n'kuziika m'bukumo zambiri mwa izo momwe zinalembedwera. N'chifukwa chake ngakhale omutsutsa amalitsegulabe pofuna tsiku kapena mawu enieni a chikalata.

Aphunzitsi Mbewe
Mayi, vuto ndi lakuti mboniyo inadzakhala pampando wa mfumu. Pamene bukulo linkatuluka mu 1937, ogonja aja sanalinso ogonja. Chipani cha de Valera, Fianna Fáil, chinali m'boma kuyambira 1932. Bukulo linasanduka ngati mbiri yovomerezeka ya chipani cholamula, ndipo mu 1951 linasindikizidwanso ndi Irish Press, kampani ya nyuzipepala imene de Valera anayambitsa. Munthu akhoza osanama ngakhale mzere umodzi, koma n'kusocheretsa owerenga ndi zomwe wasankha kuika patsogolo ndi zomwe wadutsa mothamanga. Funso lalikulu la nthawi imeneyo ndi lakuti de Valera analekeranji kupita yekha ku London, n'kutuma anzake kuti akasenze mlandu wosaina. Mukawerenga Macardle, de Valera amatuluka woyera pa chilichonse.

Bambo Tembo ku Mzuzu
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndili pakati. Aphunzitsi akunena zoona za bukulo, mayi Nachisale akunena zoona za munthuyo. Koma a Nachisale, munati anamutsutsa de Valera mpaka kutula udindo. Tapatseni umboni pamenepo, chifukwa mlandu wanu wonse watsamira pa mfundo imeneyo.

Nachisale
Chabwino abambo. Fianna Fáil itakhazikitsidwa mu 1926, Macardle anali m'komiti yake yaikulu yoyamba, woyang'anira zofalitsa nkhani. Chipanicho chinkanena kuti sichidzalumbira kwa mfumu ya Britain. Mu Julayi 1927 nduna Kevin O'Higgins inaphedwa, boma n'kukhwimitsa lamulo kuti wofuna kuima pa chisankho alonjeze kuti adzalumbira. Mu Ogasiti de Valera ndi aphungu ake analowa m'nyumba ya malamulo n'kusaina, akumati ndi mwambo chabe wopanda tanthauzo. Macardle anatula pansi udindo wake m'komitimo. Kwa iye, anthu anafa, Childers anawomberedwa, chifukwa cha lumbiro lomwelo, ndiye silikanasanduka mwambo chabe patangopita zaka zinayi. Mneneri wa chipani sachita zimenezo, amangosintha nyimbo n'kupitiriza kuvina.

Kachiwiri ndi nkhani ya azimayi. Tadala, iwe ukuphunzira zamalamulo, ndikusiyira.

Tadala
Zikomo achemwali, gawo limeneli ndiye ndalikonzekera. Chikalata chomwe oukira anawerenga ku Dublin mu 1916 chinkalankhula kwa amuna ndi akazi a ku Ireland mofanana, n'kulonjeza ufulu ndi mwayi wofanana kwa nzika zonse. Azimayi ambiri analowa m'gulu la Cumann na mBan chifukwa cha lonjezo limenelo. Ananyamula mauthenga, anabisa zida, anagona m'ndende.

Ndiye mu 1937 de Valera anabweretsa malamulo atsopano oyendetsera dziko. Ndime 41.2 imati boma likuzindikira kuti mkazi, ndi moyo wake wa m'nyumba, amathandiza dziko, ndipo boma liyesetsa kuti amayi asakakamizike ndi umphawi kukagwira ntchito n'kunyalanyaza udindo wawo wa pakhomo. Pomva koyamba zimakhala ngati chifundo. Koma zinabwera pa nthawi imene mkazi wogwira ntchito m'boma ankayenera kusiya ntchito akakwatiwa, lamulo lomwe linatha mu 1973, komanso lamulo la 1936 linali litapatsa nduna mphamvu zoletsa akazi ntchito zina za m'mafakitale. Macardle anatsutsa lamulo la ntchitolo, ndipo pa za malamulo oyendetsera dziko analembera de Valera kalata yomuuza kuti sakugwirizana nazo. Taonani chaka chake: 1937, chomwecho chimene buku lake linatuluka ndi mawu oyamba a de Valera. Dzanja lomwe linamulembera chibuku chija ndi lomwenso linamulembera kalata yomukana.

Mayi Nangondo ku Drogheda
Ndipo ndime imeneyo ikadalipo mpaka lero, mwana wanga. Pa 8 Malichi 2024 kunali referendamu yofuna kuichotsa n'kuikapo mawu ena onena za chisamaliro cha m'banja. Anthu pafupifupi 74 mwa 100 alionse anakana. Musafulumire kunena kuti anthu a kuno amafuna mkazi azikhala kukhitchini. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ambiri amene ndinkacheza nawo, makamaka osamalira abale olumala, ankadandaula kuti mawu atsopanowo akukankhira mtolo wonse ku banja, boma n'kungolonjeza kuyesetsa. Ena amangoti sanamvetse chomwe akuvotera. Koma zotsatira zake n'zakuti mawu amene mayiyu anawakana mu 1937 akadali m'buku la malamulo.

Aphunzitsi Mbewe
Za 1927 ndi za 1937 ndikuzivomera, ndipo zikumukweza pamaso panga. Koma onani kusiyana. Hanna Sheehy Skeffington, mayi womenyera ufulu wa akazi, anatsutsa malamulo amenewo poyera, pamisonkhano, m'nyuzipepala. Ubale wa Macardle ndi de Valera sunaduke. Anakhala akulembera Irish Press ngati wowunika zisudzo kuyambira pomwe inayamba mu 1931, ndipo pomwalira anasiyira de Valera ndalama zochokera ku malonda a The Irish Republic. Ankakangana naye ngati wa m'banja. Zimenezo sizichotsa kukondera kwa bukulo.

Chikondi wa Zisudzo
Akuluakulu, ndikupempha tibwerere kaye ku siteji, paja ine ndinalowa m'nkhaniyi chifukwa munati ankalemba zisudzo. Zinaseweredwa kuti, ndipo zikupezeka?

Nachisale
Zinaseweredwa pa malo apamwamba zedi, achimwene. Abbey Theatre, nyumba ya zisudzo imene W. B. Yeats ndi Lady Gregory anatsegula mu 1904, inaonetsa zitatu: Atonement mu 1918, Ann Kavanagh mu 1922, ndi The Old Man mu 1925. Kenako Gate Theatre inaonetsa Dark Waters mu 1932. Kwa mkazi wa nthawi imeneyo sichinali chinthu chapafupi.

Kupezeka kwake ndiye kovuta, chifukwa moto unamulondola katatu. Koyamba ndi asilikali aja mu 1922. Kachiwiri, nyumba ya Abbey inapsa mu Julayi 1951, ndipo zina mwa zolemba zake zinapsera momwemo. Kachitatu, atamwalira, mlongo wake anawotcha mapepala ake. Izi zandipangitsa kuganiza kuti mwina n'chifukwa chake dzina la mneneri wa de Valera linamumatirira. Chibuku chachikulu chija chinali m'malaibulale monse, pomwe zinthu zomwe zikanaonetsa mbali zake zina zinali phulusa.

Chikondi wa Zisudzo
Zowawa kwambiri. Ife a magulu a zisudzo timadziwa m'mene sewero limafera likakhala papepala limodzi lokha. Wosunga kope akasamuka kapena mvula ikalowa m'nyumba, ntchito ya miyezi yatha, otsala amangokumbukira zidutswa. Mwina gulu lathu lino lingaganizirepo zosunga masewero athu pa intaneti.

Tadala
Achemwali a Nachisale, nanga mabuku a mizukwa aja? Ndinamva kuti limodzi linasanduka filimu.

Nachisale
Eya, ndipo kwa ine umboni waukulu uli m'menemo. Amene simunawerenge ndipo simufuna kudziwiratu mathero, dumphani ndime ino.

Bukulo linatuluka mu 1941 ndi dzina la Uneasy Freehold, ku America n'kulitcha The Uninvited. Mnyamata ndi mlongo wake, Roderick ndi Pamela Fitzgerald, akugula nyumba yotchipa modabwitsa pamwamba pa phompho m'mphepete mwa nyanja ku Devon. Usiku akumva kulira, chipinda china chikuzizira mosadziwika bwino. Mtsikana wina, Stella, anakhalako m'nyumbamo ali wamng'ono, ndipo wakula akupembedza chikumbukiro cha malemu mayi ake, Mary Meredith, amene mudzi wonse umamutchula ngati woyera mtima. M'nyumbamo muli mizimu iwiri. Aliyense akuganiza kuti woipawo ndi wa Carmel, mtsikana wa ku Spain amene anali chibwenzi cha bambo a Stella. Pamapeto zikudziwika kuti mayi weniweni wa Stella ndi Carmel wonyozekayo, ndipo mzimu wozizira, wankhanza, ndi wa Mary woyera uja.

Tsono ganizirani. Patangopita zaka zinayi dziko litaika m'malamulo chithunzi cha mayi wangwiro wa pakhomo, mayiyu akulemba buku lonena kuti chithunzi chotero chikhoza kukhala bodza lopha mwana. Owerenga ambiri a masiku ano amaliona choncho, ndipo ine ndili nawo. Zimene anauza de Valera m'kalata, anaziuzanso dziko lonse m'nkhani. Filimu yake inatuluka ku Hollywood mu 1944, Ray Milland ndiye anasewera Roderick. Analembanso ena a mtundu womwewo, The Unforeseen ndi Dark Enchantment, ndipo kampani ya ku Dublin ya Tramp Press inayamba kuwasindikizanso mu 2015 atasowa kwa zaka zambiri.

Aphunzitsi Mbewe
Buku limenelo ndilifuna ndiliwerenge. Ndionjezepo chinthu chimodzi chokomera mbali yanu, mayi, chifukwa chilungamo chimafuna choncho. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, de Valera anasankha kuti Ireland isalowerere, ndipo Hitler atafa mu 1945 anapita kukapepesa kwa kazembe wa Germany ku Dublin, Eduard Hempel, zomwe zinakwiyitsa mayiko ambiri. Macardle anali atapita kale njira ina. M'zaka za m'ma 1930 ankalemba nkhani kuchokera ku Geneva, ku likulu la League of Nations, n'kuona chipani cha Nazi chikukula. Nkhondo itayamba anakakhala ku London, mzinda wa adani ake akale, mabomba akugwa, akulankhula pa wailesi ya BBC ndi kuthandiza othawa nkhondo. Itatha anayendayenda ku Ulaya kusonkhanitsa umboni wa zomwe ana anakumana nazo pansi pa ulamuliro wa Nazi: njala, umasiye, kubedwa, misasa ya imfa. Buku lake, Children of Europe, linatuluka mu 1949. Kwa ine ntchito yake ya mbiri yolemera kwambiri ndi imeneyo, chifukwa m'menemo analibe mtsogoleri woti amuteteze.

Bambo Tembo ku Mzuzu
Mayi Nangondo, munati anamwalirira ku Drogheda. Kodi ndi pa chipatala cha masisitere a Medical Missionaries of Mary? Ndikufunsa chifukwa masisitere amenewo ndi omwe anayambitsa chipatala cha St John's kuno ku Mzuzu mu 1962, ndipo akuluakulu a kuno dzina la Drogheda amalidziwa chifukwa cha iwo.

Mayi Nangondo ku Drogheda
Ndi omwewo abambo. Ali ndi nyumba yawo yaikulu konkuno, ndipo gulu lawo analiyambitsa ndi Mother Mary Martin mu 1937. Macardle anamwalira ndi khansa m'chipatala chawo pa 23 Disembala 1958, kutatsala masiku awiri kuti ifike Khirisimasi, ali ndi zaka 69. Anaikidwa ku manda a St Fintan's ku Sutton, kufupi ndi Howth, kumpoto kwa Dublin. M'zaka zake zomaliza ankatsogolera bungwe loteteza ufulu wa nzika, Irish Association for Civil Liberty, m'dziko lomwe mabuku ankaletsedwa kawirikawiri.

Tadala
Aphunzitsi, ndiye tinene kuti mwasintha maganizo?

Aphunzitsi Mbewe
Pa munthuyo, ine ndi mayi Nachisale sitinasiyane kwenikweni, mwana wanga. Pa bukulo ndikadali pomwe ndinaima. Amene akufuna kumvetsa pangano la 1921 atenge mitu ya Macardle yonena za zokambirana za ku London, aike pambali pake O'Hegarty, awerenge tsiku limodzi, kenako afunefune zokamba za aphungu m'nyumba ya Dáil kuyambira Disembala 1921 mpaka Januwale 1922, zomwe zili pa intaneti pa tsamba la nyumba ya malamulo ya dzikolo. Mumve Collins akunena yekha chifukwa chomwe anasainira, mumvenso phungu wokana pangano Mary MacSwiney akumuyankha kwa maola oposa awiri. Aphungu onse 6 achizimayi anavota mokana panganolo, ndipo zifukwa zawo muzimve kuchokera pakamwa pawo.

Nachisale
Ndavomera ntchito imeneyo aphunzitsi, bola inunso muwerenge The Uninvited tisanakumane. Mayi Nangondo, ngati mungapeze Earth-Bound m'sitolo za mabuku kumeneko, tithandizeni, Chikondi akufuna aone ngati nkhani imodzi ingatheke kuisandutsa sewero.

Mayi Nangondo ku Drogheda
Loweruka ndikupita ku Dublin, ndikafunsa m'sitolo za mabuku akale, ndikapanda kulipeza ndikayesa ku laibulale ya boma la Louth. Chikondi, unditumizire uthenga kumbali kuti tigwirizane za katumizidwe kake.